Matemba Atabwerera pa Dooko la Katsekera

Chinthu choyamba chimene chinadabwitsa anthu a m'mudzi mwathu, kuseri kwa phiri ukachoka pa Kasakula, sichinali choopsa ayi. Chinali chokondweretsa, ndipo n'chifukwa chake tinachedwa kuchiopa. Matemba anabwerera pa dooko la Katsekera.

Katsekera ndi kamtsinje kochokera m'phiri. Kamayamba kadutsa m'nkhalango ya kumanda, mmene muli dziwe lakuya losawedzedwa ndi munthu, kenako kamalowa m'madimba mmene ife amuna tinkafesa nazale za fodya, n'kudzafika pa dooko pamene amayi ankatunga madzi. Amayi a kwathu ali ndi njira yawo yodziwira madzi, imene anaiphunzira kwa amayi awo. Asanamize ndowa amayamba aweramira m'mbali mwa mwala. Akaona timatemba tikuthamangathamanga, amadziwa kuti madziwo ndi amoyo. Akapanda kutiona, ndowa imabwerera youma.

Ndiye zaka zingapo m'mbuyomo matemba aja anatha. Nkhanu nazo zinasowa, achule n'kusiya kulira madzulo, pa dooko n'kungokhala zii. Amayi anamvera mwambo wawo, anasiya dookolo n'kuyamba kukwera chitunda kupita ku mjigo wa kusukulu, kumene madzi ake ndi amchere ndipo mzere wake ndi wautali. Ife amuna tinkadziwa bwinobwino kumene tinkatsukira masipuleya athu tikatha kupopera mankhwala m'nazale, koma nkhaniyo ikayambika aliyense ankayang'ana kumbali.

Amene anayamba kuona kuti matemba abwerera anali Faines, mayi wa pakamwa posatseka amene dimba lake lili kutsidya. Unali mwezi wa Okutobala, kotentha, madzi atachepa. Analawirira kusanache bwino, ndipo atafika pa kanjira kotsikira ku dooko anapeza nthambi yaikulu ya mthethe itagonekedwa chopingasa, minga zili nyang'anyang'a. Anaikokera pambali akutukwana ana opulupudza. Atafika pa mwala anaona madzi akuthwanima, matemba ali yakaliyakali. Koma chimene chinamuthamangitsa kubwerera kumudzi, nsalu ili m'manja, chinali china. Pa fumbi la kanjirako panali mapazi onyowa a munthu wosavala nsapato, ochokera mbali ya kumanda. Phazi lamanzere linalibe chala chaching'ono.

Anthu ambiri anachita mantha, koma mayi mmodzi anagwetsa misozi ya chimwemwe. Ameneyu anali a Roza Nambewe, mayi wamasiye amene mawondo ake anali atakana kale chitunda cha ku mjigo. Iwo anati mapaziwo akuwadziwa. Amayi awo, amene anagona kumanda kuja kalekale, anadulidwa chala chimenecho ndi khasu ali mtsikana. Anauza aliyense kuti amayi awo aona mmene ana awo akuvutikira ndipo abweza nsomba. Tsiku lomwelo anatsikira ku dooko ndi ndodo yawo, anamiza ndowa, n'kumwa pomwepo ndi manja. Amayi ena atawaona anayamba kutsatira mmodzimmodzi, chifukwa mwambo sunaphwanyidwe: matemba analipo.

M'mawa uliwonse nthambi ya minga ija inkapezeka itabwerera panjira, ndipo m'mawa uliwonse woyamba kufika ankaikokera pambali. Ena ankati ndi anthu ansanje a mudzi wina. A Nambewe ankati ndi mphepo.

Sipanapite nthawi yaitali, a Nambewe anayamba kudwala matenda osadziwika. Mutu unkawawa ngati wamangidwa ndi luzi, malovu ankangotuluka okha, maso ankachita chidima masanasana, ndipo manja ankanjenjemera mpaka kulephera kugwira chikho. Kuchipatala anawayeza malungo, sanawapeze. Amayi ena angapo ndi ana awo anayambanso kusanza ndi kudandaula mutu, koma a Nambewe ndiwo anafooka kwambiri, poti iwo sankamwanso madzi ena alionse. Usiku anthu oyandikana ndi mtsinje ankamva zinthu. Ena ankati amamva madzi akukhuthuka ngati munthu akusamba, ena ankati amamva kukwekwereza kwa chinthu cholemera m'udzu wouma. Agalu sankauwa, ankangolira chapansipansi n'kulowa kunsi kwa nkhokwe.

Apa ndi pamene anabwera Rakele, mwana wamkazi wa a Nambewe. Mtsikanayu anaphunzira za nsomba ndi madzi ku Lilongwe, ndipo ntchito yake inali yoyendera mitsinje kuona ngati ili yamoyo. Tinkamuseka kale kuti sukulu yonse ija yathera kugwira matemba ngati mwana wa m'mudzi. Anali wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo akamamvetsera munthu ankapendeketsa mutu ngati akumva chinthu china kuseri kwa mawuwo.

Atawaona amayi ake anafunsa kumene akutunga madzi. Atamva za dooko ndi za matemba sanatsutse chilichonse. M'mawa mwake anatenga kaukonde kake ka maso ang'onoang'ono, beseni loyera ndi timabotolo, n'kukwera mpaka pamene Katsekera amatulukira m'nkhalango ya kumanda. M'nkhalangomo sanalowe. Anaima pa malire, n'kuyamba kutsika ndi mtsinje, madzi ali m'mawondo.

Ena a ife tinamutsatira chapatali, tikunamizira kuthirira nazale. Kumtunda kuja akangokokera kaukondeko kamodzi, m'beseni munkadzaza moyo: matemba aakulu, apakati, ndi tina tating'ono ngati njere za mpunga, ningwi zokonda kumata pa miyala ya madzi othamanga, ndi tinkhanu. Ankatembenuza miyala n'kuyang'anitsitsa tizilombo tokhala kunsi kwake, kenako n'kubwezera zonse m'madzi mosamala ngati akugoneka khanda. Atalowa m'chigawo cha madimba athu, beseni linayamba kubwera loyera. Munkangopezeka mlamba umodziumodzi, nsomba imene imapirira ngakhale m'matope onunkha, ndi tinyongolotsi tofiira. Kunsi kwa miyala kunalibe kanthu. Sanatiyang'ane ife. Anangotola kabotolo ka mankhwala kamene kanakodwa m'bango, n'kukaika pamtunda pamene tonse tikanakaona.

Pa dooko ndi pamene anakhalitsa. Anagwira matemba aja, anawayang'ana limodzilimodzi, anabwereranso masana, n'kubwereranso dzuwa litapendeka. Madzulo ake, amayi atasonkhana ndi ndowa zawo, anawapempha mwaulemu kuti ayambe asiya madziwo. Anati mudzi wa nsomba umakhala ngati wa anthu, mumakhala makanda, achinyamata ndi nkhalamba, koma pa dookopo panali zikuluzikulu zokhazokha za msinkhu umodzi. Anawaonetsa mamba okalikakalika m'mbali, ngati nsomba zakhuzidwa ndi neti. Anawaonetsa ningwi ili kakasi m'matope mmene ningwi sikhala. Anati m'mawa nsombazo zimakhala zambiri, masana zimayandama kukamwa kuli pamwamba, ndipo madzulo zambiri zimakhala zitafera m'bango kumunsi, kumene milamba imazidya usiku.

"Nsomba izi si za pano," anatero. "Ndi alendo, ndipo sagonapo kawiri."

Faines anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Iwe Rakele, ndiye kusukulu kuja anakuphunzitsa kufunsa matemba zaka zobadwa? Nanga akuuza kuti kwawo n'kuti, amfumu awo ndani?"

Amayi anaseka, Rakele nayenso anamwetulira, koma ndowa zinamizidwa ndithu. A Kalebe, amene nazale yawo inali yaikulu kuposa zonse, anayamba kuuza anthu kuti mtsikanayo watumidwa ndi a m'tauni kuti adzathetse fodya, ndipo ife sitinawatsutse. Rakele anatumiza timabotolo take ku Lilongwe kuti madziwo akayezedwe, koma anamuuza kuti yankho litenga masabata. Amayi ake analibe masabata amenewo.

Kunyumba nkhondo inali yaikulu kuposa ku dooko. Rakele ankakwera chitunda kukatunga ku mjigo, koma a Nambewe ankangolawa n'kulavula, amvekere madzi owawa ngati misozi. Mwana wawo akangotuluka, ankatuma aliyense wodutsa kuti awadzazire mtsuko wawo wa kuseri kwa chitseko ndi madzi a ku dooko. Rakele atataya madziwo, amayi ake anamugwira dzanja ndi zala zawo zonjenjemera zija n'kumuuza kuti kukana madziwo n'kutukwana agogo ake amene akuyenda usiku, opanda nsapato, chifukwa cha iwo. Anati ngati n'kufa adzafa akumwa madzi a amayi awo. Rakele anaona kuti mawu sangathandize. Pokhapokha ataonetsa kumene nsombazo zikuchokera, amayi ake sakanasiya, ndipo mudzi wonse sukanasiya.

Anapita kwa malume ake, a Solomoni Mbewe, mchimwene wa amayi ake, munthu wamtali wofatsa amene ankakhala yekha chimwalirire mkazi wake. Anawapempha kuti akamuperekeze kukadikira ku dooko. A Solomoni anayang'ana pansi n'kunena kuti msana ukuwavuta, ndiponso zinthu za kumanda sasuzumira. Anamupempha kuti asapite. Rakele anathokoza, n'kupita yekha.

Pafupi ndi dooko pali chulu chokhala ndi zitsamba pamwamba. Anakhala pamenepo atadzifunda nsalu yakuda, tochi ili m'manja. Iye mwini anatiuza pambuyo pake kuti chimene chinamuopsa poyamba si phokoso, koma kusowa kwake. Kutali kumtunda, mbali ya kumanda, achule ankamveka pang'onopang'ono ngati anthu akuimba m'nyumba yotseka. Koma pa dookopo ngakhale nkhululu sinkalira. Madzi okha ankayenda mwakachetechete pakati pa miyala, ndipo fungo lake linali ngati la m'sitolo ya mbewu. Mwezi unali usanatuluke. Mdima unali wokhuthala moti dzanja lake lomwe sankaliona.

Atakhala mpaka miyendo kuchita dzanzi, anamva kuyenda. Kunali kuyenda kolemera, kwapang'onopang'ono, kwa chinthu chosenza katundu, ndipo phazi lililonse likaponda pankamveka madzi akukhavukira, khavu, khavu. Kunatsika ndi kanjira, kunadutsa kunsi kwa chulu, n'kukaima pa mwala. Kenako madzi anakhuthuka nthawi yaitali. Rakele anafuna kuyatsa tochi, koma asanatero anamva chinthu china kumbuyo kwake, kumtunda kwa kanjira kumene kuyenda kuja kunali kutadutsa kale. Chinali kukwekwereza, kwee, kenako chete, kwee, kenako chete, ngati nkhalamba ikukoka nthambi yolemera n'kumapumira. Chala chake chinakana kusindikiza tochi. Anakhala chomwecho, mano atalumana, mpaka tambala analira. Kutacha anapeza matemba atadzaza pa dooko, nthambi ili chopingasa, mapazi aja ali pa fumbi, onyowa.

Tsiku limenelo a Nambewe anakomoka kawiri. Atatsitsimuka anapempha madzi a mu mtsuko wawo.

Munthu wina akanasiya. Ambiri a ife, amuna ndevu zili pepeya, sitikanabwererako ngakhale atatilonjeza ng'ombe. Koma Rakele anakhala pakhonde masana onse akuganiza za phokoso loyamba lija, ndipo anauza Faines, amene anabwera kudzazonda odwala, kuti sanamvepo kuti mzimu umapuma wefuwefu ukasenza ndowa. Faines anamuuza kuti asamalankhule choncho kunja kukuda. Dzuwa litalowa Rakele anabwereranso pa chulu paja.

Usiku umenewo mwezi wotsala unatuluka mochedwa, wofiira, ndipo unaunikira pang'ono nsonga za udzu. Kuyenda kuja kutayambanso, anaona chinthu chikutsika ndi kanjira. Chinali chachitali, chakuda, chowerama, ndipo pamene payenera kukhala mutu panali chinthu chachikulu chophwatalala chimene chinkadontha. Rakele anadikira kuti chifike pa mwala, anatsika pa chulu, anaima kumbuyo kwake, n'kuyatsa tochi.

Anali a Solomoni. Anali atavala majombo ndi chijasi chakale, chidebe chili paphewa chitavundikiridwa ndi thumba lonyowa, ndipo m'chiuno anamangirira neti ya udzudzu. Sanathawe. Anatsitsa chidebecho pansi pang'onopang'ono kuti nsomba zisavulale, n'kukhala pa mwala.

"Zima tochiyo, mwana wa mlongo wanga," ananong'ona.

Rakele anazima. Anakhala pambali pawo mumdima, ndipo a Solomoni anayamba kufotokoza motsitsa mawu. Anati ndi iwo amene anayamba, zaka zija, kuthira mankhwala otsala a nazale m'dziwe la pa dooko kuti agwire nsomba mosavuta, ndipo anadzaza madengu tsiku limodzi. Chaka chatha anapeza mlongo wawo atakhala pakati pa chitunda cha ku mjigo, ndowa itagubuduka, akulira ngati mwana. Kuyambira pamenepo tulo tinawathawa. Ndiye anaganiza monga mlimi. Mbewu ikapanda kumera m'munda, munthu amapakiza. Mbewu ya nsomba inatsala malo amodzi okha, m'dziwe la kumanda, kumene munthu salowa popanda maliro, n'chifukwa chake ankapita usiku. Akaona kuti zafa ankati sizinagwire, n'kukatenganso zina, monga mmene munthu amapakizira kawiri katatu mvula ikavuta.

"Malume," anatero Rakele, "munda wake ndiwo ukudwala, osati mbewu. Amayi akumwa madziwa chifukwa akuona nsomba zanu."

A Solomoni anati zimenezo zinawafikira m'mutu tsiku limene mlongo wawo anayamba kunjenjemera, koma anazikankhira kutali, chifukwa akanasiya, mlongo wawoyo akanati amayi awo awatayanso kachiwiri. Analira mopanda phokoso, mapewa okha akugwedezeka. Rakele sanawakalipire. Anangowauza kuti mawa afunika kunena zimenezi pamaso pa anthu, apo ayi mlongo wawo saona mvula ya chaka chino. Iwo anati akudziwa chimene chimachitikira munthu wolowa kumanda mwakuba, mlandu wake ndi manyazi ake, koma avomera.

Kenako Rakele anafunsa chifukwa chimene ankatsekera njira ndi minga ngati ankafuna kuti anthu atunge.

A Solomoni anatembenuka. Anati iwo ankayesa kuti ndi Faines kapena ana. Anati pobwera njira imakhala yoyera, koma akatha kukhuthula n'kubwerera amaipeza nthambiyo ili pamenepo, ndipo amachita kuilumpha. Rakele anafunsa za mapazi. Iwo anatambasula mwendo, jombo linaoneka mu kuwala kwa mwezi. Anati sanayendepo usiku wopanda majombo chifukwa cha njoka, ndipo zala zawo zonse zilipo.

Ali chilankhulire, kumtunda kwa kanjira kunamveka kwee. Kenako chete. Kwee.

Palibe anayatsa tochi. A Solomoni anagwira dzanja la mwana wa mlongo wawo, ndipo dzanja lawo linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Kukwekwerezako kunapitirira pang'ono, kunaima, ndipo kunamveka ngati munthu wapuma mpweya wautali wa kutopa. Atadikira nthawi ndithu anakwera limodzi, chidebe chili pakati pawo, nsomba zikadali momwemo. Nthambi inali panjira. Anaizungulira, osaikhudza.

Kutacha Rakele anatuma mawu kuti anthu abwere ku dooko asanatunge. Tinapita ambiri, ngakhale a Kalebe. A Nambewe anachita kuwanyamula pa njinga, atawagwirira mbali zonse, poti Rakele anati popanda iwo palibe chimene chichitike. Anawakhazika pa mphasa pafupi ndi nthambi ija, imene tsiku limenelo palibe anaichotsa.

A Solomoni anaima pakati pathu, chipewa chili m'manja, n'kunena zonse, kuyambira za mankhwala aja mpaka za dziwe la kumanda. Sanatchule dzina la munthu wina aliyense, ngakhale ankadziwa kuti amene tinkatsukira masipuleya mumtsinjemo tinali pomwepo. Anthu anayamba kung'ung'udza. Akuluakulu oyang'anira manda anayang'anana. A Kalebe anati ndiye nkhani yatha, wolakwa wapezeka, madzi alibe mlandu.

Rakele anaika mabeseni awiri pamthunzi. Limodzi anathiramo madzi a m'chidebe cha malume ake, ochokera kumanda, linalo anatunga pa dooko aliyense akuona. Anagawa matemba aja pakati, ena uku ena uku, n'kupempha Faines kuti akhale mlonda, poti iye ndiye sangabise kanthu ngakhale atafuna. Anthu anaseka, Faines anati mwanayu alibe ulemu, koma anakhala pansi pakati pa mabeseniwo miyendo atatambasula.

Tinadikira. Dzuwa lisanafike pamutu, matemba a m'beseni la pa dooko anayamba kukwera pamwamba, kukamwa kuli yasayasa. Kenako anayamba kuzungulira chammbali, kunjenjemera, n'kutembenuka mimba zoyera kumwamba. A m'beseni linalo ankangosewera. Faines, amene sanakhalepo chete chibadwire, anayang'ana nsomba zonjenjemerazo, n'kuyang'ana manja a a Nambewe, ndipo anagwira pakamwa.

Apa Rakele analankhula, ndipo mawu ake sindidzawaiwala. Sananene kuti anatiuza kale. Anati mwambo wa amayi ndi woona, ndipo zimene iye anaphunzira kusukulu ndi zomwezo, kungoti anawonjezera kuyang'ana ana a nsomba ndi kunsi kwa miyala. Anati matemba sananamizepo munthu: atachoka pa dooko ananena zoona, ndipo ngakhale awa obwera nawo m'chidebe akhala akunena zoona madzulo alionse, m'bango, kumene palibe ankapita kukaona. Za nazale anangoti amuna a m'mudzi muno akudziwa chochita kuposa iye. Tinaweramitsa mitu, a Kalebe pamodzi nafe.

A Nambewe sanayang'ane mabeseniwo nthawi yaitali. Maso awo ofooka aja anali pa fumbi, pamene mapazi a usikuwo anali asanaume chifukwa cha mthunzi. Anaitana mchimwene wawo, n'kumufunsa ngati ndi iye ankaika minga. A Solomoni anapukusa mutu. Anafunsa Rakele, anafunsa Faines, anafunsa tonse. Kenako anapempha kuti awasendeze pafupi, ndipo anatsatira mapaziwo ndi chala. Sankafika ku madzi. Ankachokera kumtunda, m'mbali mwa mzere umene nthambi inakwekwerezeka, n'kuthera pa nthambi pomwepo.

"Ndiye amayi sankabweretsa nsomba," anatero motsitsa. "Ankanditsekera njira. Ine n'kumachotsa."

Anatuma kuti mtsuko wawo wa kuseri kwa chitseko ubwere, ndipo anaukhuthula okha pa fumbi, manja akunjenjemera, madzi akuwagwera pamiyendo. Kenako anatambasula dzanja kwa mwana wawo n'kupempha madzi a ku mjigo. Anamwa akukwinya nkhope, amvekere akadali owawa, koma anamaliza chikho chonse.

Tsiku lomwelo Rakele anapita nawo kuchipatala pamodzi ndi kabotolo kaja anakatola m'bango, kuti madokotala adziwe chimene akulimbana nacho. Anakhalako nthawi, ndipo anabwerako akuyenda okha ndi ndodo, ngakhale dzanja limodzi silinasiye kunjenjemera. A Solomoni anaweruzidwa mlandu wa kumanda, anaulipira osadandaula, ndipo kuyambira pamenepo ndi iwo amene ankakwera chitunda m'mawa uliwonse kukatungira mlongo wawo, amayi a pa mjigo akuwaseka kuti apeze mkazi. Ife tinasamutsa nazale kuchoka m'mphepete mwa madzi, tinakumba dzenje kutali lotsukirako masipuleya, ndipo tinadzala bango ndi mitengo m'gombe. Yankho la ku Lilongwe litabwera linangonena zimene beseni linanena kale. Dooko linatsekedwa, ndipo chitsekereni nthambi ya mthethe ija sinasunthenso. Inaumira pomwepo mpaka chiswe chinaidya. Kukwekwereza sikunamvekenso.

Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha. Rakele ankabwera nthawi ndi nthawi ndi kaukonde kake, ndipo ankabwerera osanena zambiri. Achule ndiwo anayamba, madzulo ena, mmodzi yekha ngati akuyesa mawu. Kenako kunsi kwa miyala kunayamba kupezeka tizilombo. Ndiye m'mawa wina, mvula itangosiya, anatiitana. Anakokera kaukonde m'mbali mwa mwala wa pa dooko n'kukhuthulira m'beseni. Poyamba tinaona ngati mulibe kanthu. Titaweramira tinaona tinthu tating'ono ngati nsonga za singano, toonekera mkati, maso okha akuda, tikuthamangathamanga pakati pa matemba aakulu ndi apakati.

Anthu onse anatembenukira kwa a Solomoni. Iwo anakweza manja onse awiri.

"Izi ndiye si ine," anatero. "Tating'ono chonchi neti yanga sikanatigwira."

Rakele anaseka, koyamba kumuona akuseka mokweza. Anati timeneti tabadwira pompano, komabe anatunga timabotolo take n'kutipempha kuti tidikire yankho, ndiponso kuti madzi akumwa tiziwiritsa. Nthawi ino palibe anatsutsa, ngakhale Faines.

Tsiku lotsegula dooko, a Nambewe ndiwo anayenera kuyamba. Anatsika ndi ndodo yawo kusanache bwino, mwana wawo ali mbali ina, mchimwene wawo mbali ina, ife tili m'mbuyo. Pa malo paja pankagona nthambi anaima, n'kuyang'ana uku ndi uku. Njira inali yoyera, popanda ngakhale kamunga kamodzi. Anafika pa mwala, anaweramira, anaona matemba, koma sanamize ndowa msanga. Ankayang'ana pamwamba pa mwalawo.

Panali phazi limodzi lonyowa, lamanzere, lopanda chala chaching'ono. Chidendene chinali kumadzi, zala zinaloza kumtunda, njira ya kumanda.

"Apita kukapuma," anatero a Nambewe, n'kumiza ndowa.